Galimoto ya Limbani Isakandike

Lolemba, m'mawa

Yafika! Galimoto ya mwana wanga Limbani yafika kuchokera ku Joni. Wabwera nayo mnzake wa ku ntchito, bambo wa ku Dwangwa. Waiimika pansi pa mtengo wa mango, wandipatsa makiyi, wathamangira minibasi.

Yofiira psuu. Matayala onenepa, otalika kufika m'ntchafu mwanga. Akuti ndi yoyenda m'tchire, m'matope, pamchenga, paliponse. Ukaima pafupi ndi chitseko ukudziona thupi lonse. Ndadziona. Ndakalamba, ndipo palibe anandiuza.

Lolemba, masana

Limbani watumiza uthenga wa mawu pa foni. Iye ndi Thoko, mtsikana amene akufuna kumukwatira, akwera ndege Lachisanu, agona ku Lilongwe, Loweruka m'mawa afika kuno. Kenako tonse atatu ulendo wa ku Mwadzama, kukamuonetsa Thoko kwa amalume ake a Limbani, alamu anga a Yohane.

Pomaliza akuti: "Adadi, chonde galimotoyo isakandike. Ngakhale kamzere kamodzi. Ndikufuna anthu akaione ikuwala."

Ndaumvera uthengawu kasanu. Sikuti sindinamve. Koma akamalamula amamveka ngati malemu mayi ake, Esinati, ndipo m'nyumba muno papita zaka ziwiri wina asanandilamule.

Zaka makumi atatu ndayendetsa thirakitala m'minda ya nzimbe ku esiteti. Palibe tsiku limene munthu anandifunsapo za penti. Lero penti ndiye ntchito yanga.

Vuto ndi ili: ukasiya tala polowera kwa alamu, njira ndi ya ngolo. Yopapatiza. Uku lunguzi, uku lunguzi, minga yake yokhota ngati mbedza.

Zoyenera kuchita:
1. Kukaiona njirayo ndi maso anga.
2. Kudula minga yonse yotulukira m'njira.
3. Kuiveka galimoto china chake. Chiyani? Ndiganiza.
4. Mbuzi zisayandikire. Aliyense asayandikire.
5. Kumeta ndevu.

Lolemba, madzulo

Mango agwa awiri. Limodzi laphonya boneti ndi chala chimodzi chokha! Ndaisuntha galimoto, ndaiika padzuwa. Kenako ndakumbukira kuti dzuwa limafwifwitsa penti. Ndaibweza pamthunzi. Ndatenga nsungwi ndagwetsa mango onse, aawisi omwe. Tsopano ndili ndi dengu la mango aawisi ndipo ndilibe woti ndimupatse.

Lachiwiri

Ndayeza kutambalala kwa galimoto ndi chingwe, kuchokera pa kalilole wa uku kufika pa kalilole wa uko. Chingwe m'thumba, chikwanje m'saka. Minibasi mpaka pamphambano, kenako kabaza. Wa kabaza wayang'ana chikwanje, wandiyang'ana ine, wapalasa mwaliwiro njira yonse.

Zotsatira za kuyeza: malo asanu ndi awiri njira ndi yaing'ono kuposa chingwe changa. Pamalo amodzi ngakhale theka la chingwe silikwana bwino.

Ndayamba kudula pamalo oyamba. Zikuyenda! Nthambi zikugwa. Ndikumva ngati munthu wa ntchito. Ndayambanso kuimba pang'ono.

Pamalo achiwiri patulukira mayi wina ali ndi khasu paphewa. Lunguziyo si wa tchire ayi. Ndi mpanda wa munda wake wa chinangwa, anabzala yekha kuti mbuzi zisalowe.

"Inu bambo, wakutumani ndani? Mbuzi zikandidyera chinangwa, ana anga adzadya galimoto yanuyo?"

Ndafotokoza za Limbani, za Joni, za penti. Wamvetsera zonse mpaka kumapeto. Kenako waloza nthambi zimene ndadula, waloza mpanda.

Ndakhala maola awiri ndikubwezera nthambi m'malo mwake, kuzilukaluka ndi manja. Iye waima pambali kundiuza pamene ndasiya mpata. Mpanda tsopano wanenepa kuposa mmene ndinaupezera, ndipo walowa kwambiri m'njira. Mikono yanga yonse ndi mizere ya magazi. Galimoto ilibe ngakhale umodzi. Ndiye kuti mwina tikupambana.

Ndafika kwa alamu a Yohane. Akusesa pabwalo, amayi akusinja, mbuzi ya Loweruka aimangirira kale pamtengo. Ndawauza nkhawa yanga. Akuti: "Alamu, njirayi ngolo zimadutsa tsiku lililonse. Ng'ombe sizinadandaulepo."

Ananditsanzika ndisanamalize kufotokoza. Ali ndi zochita zambiri. Aliyense kumeneko ali ndi zochita zambiri.

Nambala 2 yafufutidwa.

Lachitatu, m'mawa

Nzeru yatsopano: makatoni! Ngati sindingachotse minga, ndiphimbe galimoto. Wa golosale wa pamsika wandipatsa makatoni a sopo, a bisiketi, ndi limodzi lalikulu la firiji. Ndagula selotepi. Ndamata zitseko zonse zinayi, mbali za kutsogolo, mbali za kumbuyo. Ndasiya magalasi okha.

A Saidi, telala woyandikana nane nyumba, asuzumira pampanda: "Aneba, mwatsegula okala? Muli ndi machesi?"

Ndapitiriza kumata. Munthu wosoka mabatani sangadziwe za penti.

Lachitatu, masana

Ndalowa m'nyumba kukamwa madzi. Kumwa madzi kokha! Potuluka ndapeza mbuzi zinayi za a Saidi zikudya galimoto. Ina yaima ndi miyendo iwiri, ziboda zake pakatoni ya firiji, ikutafuna cha pamwamba. Ndakuwa. Ndaponya patapata. Patapata yamenya galasi la kumbuyo. Ndathamangira kukaona. Galasi silinasweke.

Zimene ndaphunzira lero:
- Mbuzi imakonda katoni ya bisiketi kuposa ya sopo, koma imadya zonse.
- Selotepi ikakhala padzuwa imasiya ulimbo papenti.
- Ulimbowo suchoka ndi madzi ozizira.
- Suchokanso ndi kutukwana.

Ndatha masana onse ndi kansalu ndi madzi ofunda, kupukuta pang'onopang'ono ngati ndikusambitsa khanda.

Lachitatu, madzulo

Ndalowa m'galimoto kuti ndipume. Mipando yofewa. Ndatulukira chinthu: ukasiya makiyi pamalo pake ndi kutsegula chitseko, imalira ting, ting, ting. Ukatseka imakhala chete. Ndaiuza za mayi wa mpanda uja. Ndatsegula chitseko. Ting, ting, ting. Ikugwirizana nane.

Ndaiuzanso zina, za Limbani ali wamng'ono, mmene ankakwerera thirakitala yanga ikaima. Ndazindikira kuti ndalankhula nthawi yaitali pamene a Saidi anatsokomola kuseri kwa mpanda.

Lachinayi, m'mawa

Ndapita kwa makaniko wa njinga zamoto kukafunsa nzeru. Sanadzutse n'komwe mutu: "Madala, ipakeni mafuta. Minga izingotsetsereka."

Zomveka! Nsomba ya mlamba imapulumuka m'manja chifukwa chiyani? Kuterera. Ndiyesa lero kuti Loweruka ndisadzadzidzimuke. Ndatenga botolo langa la mafuta ophikira, ndapaka galimoto yonse ndi kansalu, denga lomwe. Ikuwala kuposa tsiku limene inafika. Ndayesa kukanda pang'ono ndi kamtengo pansi pa bampala. Katsetsereka! Ndaseka ndekha pabwalo.

Lachinayi, masana

Cha m'ma leveni ndaona utsi pamwamba pa nyanja. Ndaganiza kuti mwina ndi sitima. Si sitima. Ndi nkhungu. Mtambo wonse wa tintchentche ta m'nyanja, ndipo mphepo ikuubweretsa kuno, kunyumba kwanga, ngati wina wautumizira kalata.

Ndathamangira bulangete. Ndachedwa.

Galimoto si yofiiranso. Ndi yotuwa, ya ubweya, ndipo ubweyawo ukugwedezeka. Nkhungu zonse za m'boma muno zamatirira pamafuta anga.

Amayi a m'dera lino atuluka ndi malichero ndi mapoto onyowa kukola nkhungu za ndiwo. Ataona galimoto asiya kukupiza m'mwamba, abwera onse pabwalo panga. Mayi a Patuma, akazi a a Saidi, ali patsogolo ndi chipande.

"Ndiwo zothira kale mafuta! Aneba, Mulungu akudalitseni!"

Ndaima kutsogolo kwa galimoto manja tambalale. Chipande ayi! Supuni ayi! Tagwirizana kuti akolole ndi manja okha, avule mphete ndi zibangili. Akolola akuseka, wina akuimba, wina akundifunsa ngati mawa ndipakanso. Pabwalo panga panali anthu khumi ndi awiri. Ndinawawerenga. Chimwalirire Esinati sipanakhalepo anthu ochuluka chonchi.

Mphindi makumi awiri zokha, apita. Ndatsala ndi ndowa, sopo, ndi galimoto yonunkha usipa.

Ndatsuka katatu. Mafuta ophikira atha. Madzulo ano ndiwo ndi zowiritsa.

Lachisanu, m'mawa

Ndadzichepetsa, ndapita kwa a Saidi. Ndawapempha kuti aisokere galimoto chovala cha masaka a feteleza. Sanaseke. Atenga tepi yawo, abwera kudzaiyeza ngati mkwatibwi: m'chiuno, m'mapewa, kutalika. Akuti masaka ndi okhakhala, pafunika nsalu yofewa mkati. "Mulibe zitenje zakale?"

Zilipo. Ndatsegula sutikesi ya Esinati. Zonse zopindidwa mmene anazisiyira, cha buluu cha kutchalitchi chili pamwamba. Fungo la sopo wake likadalimo.

Ndatseka. Ndawapatsa a Saidi maneti awiri akale a udzudzu ndi nsalu ya patebulo. Alandira, apita kukasoka.

Ndakonza chipinda cha Limbani. Thoko agona chipinda chinacho, ndamuikira kalilole ndi beseni latsopano. Ndameta ndevu. Nambala 5 yatheka, yokhayo yopanda ngozi.

Lachisanu, masana

Podikira chovala ndapukuta galimoto ndi polishi mpaka chitseko chasanduka kalilole weniweni. Ndakhala pakhonde kuiyang'anira, ndodo m'manja chifukwa cha mbuzi.

Ndinaiwala tambala wanga.

Wadutsa pafupi, waima. Waona tambala wina m'chitseko, wofiira ngati iye, wamwano ngati iye. Wafufumitsa khosi. Winayonso wafufumitsa. Ndisanadzuke n'komwe wadumpha ndi miyendo yonse iwiri. Kwa! Kwa! Kwa!

Mizere itatu pachitseko cha dalaivala, yoyera, yotalika ngati chala changa. Kuwonjezera apo timabowo tiwiri ta mlomo.

Sabata yonse ndalimbana ndi minga ya ku Mwadzama, mdani ali m'khola langa lomwe, akudya chimanga changa!

Mayi a Patuma andibwereka penti yawo ya m'zikhadabo, yofiira. Ndapaka mosamala ndi kaburashi kake. Itauma ndaona kuti kufiira kuli mitundu yambiri. Poyamba mizere inkaoneka ukayandikira. Tsopano ikuoneka uli kumsewu.

Tambala ndamugamula. Mawa ndi ndiwo za alendo. Ali m'dengu, akuoneka kuti sakudandaula.

Lachisanu, madzulo

Foni yalira dzuwa lisanalowe. Limbani. Ndinaganiza kuti akundiuza kuti atera ku Lilongwe.

"Adadi, pepani, sizitheka. Mapepala a Thoko sanatuluke, ndipo ine abwana andikaniza tchuthi. Mwina Disembala. Muwauze amalume. Galimoto ili bwino?"

Ndati ili bwino.

"Chabwino adadi, ndili pantchito."

Ndayesa kuimbira alamu a Yohane. Foni yawo ndi yozima, mwina yatha moto. Kumeneko akusinja, akufulula thobwa. Wina ayenera kupita kukawauza pamaso.

A Saidi abweretsa chovala cha galimoto, chopindidwa bwino, chokhala ndi zingwe za malegeni zomangira pansi. Ntchito yokongola. Ndawathokoza. Sindinawauze kuti Limbani sabwera.

Ndamumasula tambala. Ndidye ndekha tambala wathunthu?

Loweruka, m'mawa

Ndavala jekete. Ndaiveka galimoto chovala chake. Chakwana ndendende, magalasi ndi nyali zokha zikuoneka. Pachitseko chilichonse palembedwa za feteleza wobereketsa.

Pamsewu wa tala anthu akuima kuyang'ana. Pamalo ena ogulitsira tomato ana athawa akukuwa: "Chilombo! Chilombo cha gule!" Mayi wina wagwada m'mbali mwa msewu, mwina pofuna kupewa mlandu.

Ndasiya tala. Ndalowa njira ya ngolo. Giya yoyamba, pang'onopang'ono.

Malo oyamba: tadutsa bwino. Ndi paja ndinadula.

Malo achiwiri, pampanda umene ndinaunenepetsa ndekha Lachiwiri: lunguzi wakola saka la kumanzere. Ndamva kukoka. Ndapitirira pang'ono. Phwee! Saka latsala pamtengo ngati mbendera.

Malo achitatu: la kumanja lapita, pamodzi ndi nsalu ya patebulo.

Malo achinayi: legeni laduka, lakwapula chitseko.

Kuyambira pamenepo galimoto ili maliseche, ndipo ndikumva minga iliyonse payokha. Kwiiii. Kwiiii. Mbali zonse ziwiri. Ndikumva m'mano. Kubwerera m'mbuyo sikutheka, potembenukira palibe. Ndangogwira chiwongolero ndi kunena pepa, pepa, pepa, osadziwa kuti ndikupepesa yani.

Loweruka, masana

Ndisanafike pabwalo la alamu nthungululu zayamba. Amayi athamangira galimoto, akuvina, akuyala zitenje pansi. Azungulira, asuzumira pagalasi la kutsogolo. Asuzumira la kumbuyo. Wina watsegula mpaka kumalo a katundu.

Muli ine ndekha, ndi jekete langa.

Nthungululu zazima imodziimodzi. Ndatsika, ndavula chipewa, ndanena zimene ndinatumidwa. Mapepala. Abwana. Disembala, mwina.

Alamu a Yohane akuti: "Mbuzi yafa kale, alamu. Singadikire Disembala. Khalani pansi."

Ndakhala pampando umene anakonzera Thoko, wokhala ndi kansalu koluka. Andipatsa chiwindi. Aliyense wandifunsa za Limbani, ndayankha ngati ndikudziwa zambiri. Za galimoto palibe wanenapo za mizere. Mkulu wina waisisita ndi dzanja la mafuta a mbuzi, akuti ndi yokongola ngati ya a bishopu.

Loweruka, chakumadzulo

Nditati ndikutsanzika, zadziwika kuti theka la mudzi lili ndi zochita ku boma. Amene akwera:
- gogo wina wa mwendo wotupa, wopita kuchipatala, ndi mpongozi wake
- amayi anayi a kwaya, ndi ng'oma yawo
- mayi wa mwana wakumbuyo, ndi thumba la ufa wa kondowole
- mphunzitsi ndi njinga yake yothyoka foloko, imene aikweza padenga ine ndisanavomere
- malata awiri otsala pa nyumba ya wina, padenga pomwepo
- nkhuku, sindikudziwa ya yani

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za penti. Ndayang'ana mbali ya galimoto. Ndatseka pakamwa.

Tadutsanso m'minga yonse ija. Sindinamve kalikonse, chifukwa amayi a kwaya anayamba nyimbo tisanatuluke n'komwe pabwalo. Gogo akuwongolera mawu, mphunzitsi akuimba besi yolakwika. Andikakamiza kuti ndilowemo. Ndalowamo. Mawu anga atuluka a dzimbiri, koma atuluka. Mayi wa mwana wandipatsira chinangwa chootcha kuchokera kumbuyo, kundiika m'dzanja ndikuyendetsa. Gogo akuti ndimayendetsa bwino kuposa a minibasi, sindidumphitsa mwendo wawo.

Ndawatsitsa mmodzimmodzi. Chipatala. Pamphambano ya kutchalitchi. Kwa wowotcherera zitsulo, kumene njinga potsika yasiya mzere wake kuyambira padenga mpaka pachitseko. Aliyense ndamuuza kumene ndimakhala, kuseri kwa mzikiti waung'ono, nyumba ya geti la nsungwi, ngakhale sanafunse. Womaliza watsika pamsika ndi nkhuku ija.

Kuchoka pamsika kufika kunyumba ndi pafupi. Lero kunatalika.

Lamulungu

Ku tchalitchi m'mawa, wapansi. Pobwera ndatenga kope ili kuti ndiwerenge mizere ndi kuilemba bwinobwino, mbali ndi mbali. Kumanzere ndafika makumi anayi ndi mphambu, ndasokonezeka, ndayambiranso, ndasiya. Ina ndi yaitali kuyambira kunyali ya kutsogolo mpaka ya kumbuyo, yowongoka ngati anajambula ndi rula. Padenga sindinakwere. Sindikufuna kudziwa.

Ndamutumizira Limbani uthenga wa mawu. Ndanena zoona zonse, kuyambira tambala mpaka malata. Ndinayamba ndi kupepesa, koma ndapezeka ndikufotokoza za nyimbo, za gogo, za mbuzi mmene inakomera. Uthenga wa mphindi zisanu ndi zinayi.

Wayankha ndi zolemba: "Ndimvera ndikaweruka adadi."

Mpaka pano sanaweruke.

Sindiitsuka lero. Fumbi likubisa zambiri. Ikhale choncho mpaka Disembala, kapena mpaka tsiku limene Disembalayo adzafike.

Ndangosesa mkati. Ufa wa kondowole m'mipando, nthenga, makoko a mtedza. Pansi pa mpando wa kumbuyo ndapeza kansapato ka mwana, kamodzi, kapulasitiki kachikasu, ka phazi la kumanzere. N'kutheka kuti ndi ka mwana wa mayi uja anandipatsa chinangwa.

Ndakatsuka. Ndakakoleka pageti, poonekera, kuti wodutsa mumsewu akaone.

Mwana sangayende ndi nsapato imodzi. Abwera kudzakatenga. Ndatereka madzi a tiyi okwanira anthu awiri, ndakhala pakhonde.